Mabuku a nthano zofufuza milandu: poyambira ndi popitirira

Nthano yofufuza mlandu imayamba pomwe chinthu china chasokonekera. Munthu wapezeka atafa m'chipinda chokhoma, mwala wamtengo wapatali wasowa m'kabati, kapena mwana wachoka pakhomo m'mawa osabwereranso. Kuchokera apo mlembi amamwaza umboni pang'onopang'ono, wina poyera, wina pamalo poti maso angodutsapo, ndipo wowerenga amapikisana ndi wofufuza wa m'bukumo kuti aone amene ayambe kutulukira choona. Mpikisano umenewu ndiwo wachititsa kuti mabuku a mtunduwu akhale akuwerengedwa kwa zaka zoposa 180.

Chovuta n'chakuti mabukuwa ndi ankhaninkhani ndipo sakoma mofanana. Munthu akaima pa shelefu ya mulaibulale kapena pa mulu wa mabuku akale ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, sangadziwe za m'kati pongoona chikuto, popeza ambiri amajambulapo mfuti, mpeni kapena chithunzithunzi cha munthu mumdima. Akatola losamuyenera amagwa ulesi asadafike tsamba la 30, ndalama yapita, ndipo ena amathera pomwepo n'kumati kuwerenga si mbali yawo.

Njira yachidule yosankhira ndiyo kuona funso lomwe bukulo likufunsa. Mafunso aakulu alipo anayi: wapalamula ndani, adachita bwanji, adachitiranji, ndipo akumutchinjiriza ndani. Mlembi aliyense wodziwika amatsamira kwambiri pa limodzi mwa mafunsowa. Pafupifupi mabuku onse otchulidwa m'munsimu amapezeka m'Chingerezi, ngakhale ena adayamba kulembedwa m'zinenero zina.

Gwero lake

Akatswiri ambiri a zolembalemba amati mtundu uwu wa nthano udayamba mu 1841 pomwe mlembi wa ku America, Edgar Allan Poe, adasindikiza nthano yaifupi yotchedwa The Murders in the Rue Morgue. M'nthanoyi mayi wina ndi mwana wake wamkazi aphedwa m'nyumba mwawo mumzinda wa Paris, chitseko chili chokhomera m'kati, ndipo apolisi asowa pogwira. Womasula mfundoyo ndi C. Auguste Dupin, munthu wamba wodalira kuganiza basi. Poe adayala maziko omwe alembi akumangapobe mpaka lero: wofufuza wanzeru zakuya, mnzake amene amatisimbira nkhaniyo, apolisi othamangira kumanga wosalakwa, ndi kumasulira zonse kumapeto.

Mwa nthano zazitali zoyambirira, yomwe idakali m'manja mwa owerenga ndi The Moonstone ya Wilkie Collins, yomwe idatuluka mu 1868. Mwala wa dayamondi womwe msilikali wa Britain adaba ku India uperekedwa kwa mtsikana Rachel Verinder pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, ndipo usiku womwewo usowa. Nkhaniyi imasimbidwa ndi anthu angapo mosinthana, aliyense kunena zokhazo zomwe adaona ndi maso ake. Ndi buku lalikulu loyenda mwapang'onopang'ono, loyenera munthu wodekha.

Dzina lomwe aliyense adalimvapo ndi la Sherlock Holmes, yemwe adaonekera koyamba mu 1887 m'buku la A Study in Scarlet. Mlembi wake, Arthur Conan Doyle, adali dokotala, ndipo luso la Holmes lodziwa ntchito ya munthu ndi komwe wachokera pongomuyang'ana manja, nsapato ndi kayendedwe adalitengera kwa Joseph Bell, mphunzitsi wake wa zaudokotala ku Edinburgh. Doyle adalemba nthano zazitali 4 ndi zazifupi 56 za Holmes ndi mnzake Dr Watson. Atatopa naye adamupha mu 1893 pomugwetsera m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland, koma owerenga adadandaula mpaka mlembiyo adamubweretsanso.

Woyamba kumene atenge The Adventures of Sherlock Holmes la mu 1892, lomwe lili ndi nthano zazifupi 12, iliyonse yotheka kuimaliza usiku umodzi. Akatero apite pa The Hound of the Baskervilles la mu 1902, nkhani ya banja lina la ku Dartmoor lomwe limakhulupirira kuti lidatembereredwa ndipo galu wamizimu amapha eni chuma chake. Holmes sataya nthawi kutsutsa chikhulupirirocho. Amayamba ndi mapazi a galu, phulusa la fodya ndi nsapato imodzi yosowa, n'kufunsa kuti ndani angapindule ndi imfayo. Aliyense amene adaonapo imfa yadzidzidzi ikusanduka nkhani ya ufiti maliro asadaikidwe adzalimva bukuli ngati la kwawo.

Wapalamula ndani?

Pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, alembi a ku Britain adasandutsa nthanozi kukhala masewera okhala ndi malamulo ake. Mu 1929 wansembe wa Katolika, Ronald Knox, yemwenso adali mlembi wa nthano zotere, adandandalika malamulo 10. Ena mwa iwo ndi akuti wopalamula akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani, zamizimu zisalowepo, wofufuza asapeze yankho mwangozi, ndipo umboni uliwonse womwe waupeza auonetse kwa wowerenga. Si alembi onse amawatsata, koma ndi muyeso wabwino. Buku lotulutsa wakupha wachilendo patsamba lomaliza labera wowerenga nthawi yake.

Mfumukazi ya masewerawa ndi Agatha Christie, yemwe adabadwa mu 1890 n'kumwalira mu 1976 atalemba nthano zazitali 66 zofufuza milandu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adagwirapo ntchito mosungira mankhwala pachipatala ku Torquay, n'chifukwa chake poizoni amapezeka kawirikawiri m'mabuku ake. Ofufuza ake otchuka ndi awiri. Hercule Poirot, wapolisi wopuma ntchito wochokera ku Belgium, adaonekera m'buku lake loyamba, The Mysterious Affair at Styles, mu 1920. Miss Marple ndi gogo wa m'mudzi wa St Mary Mead, amene amazindikira wakupha pomuyerekeza ndi anthu omwe adawaonapo m'mudzimo, poti iye amakhulupirira kuti mtima wa munthu ndi umodzimodzi kulikonse. Nthano yaitali yoyamba ya gogoyu ndi The Murder at the Vicarage ya mu 1930.

Mabuku atatu a Christie ndi okwanira kuonetsa luso lake. Mu Murder on the Orient Express, la mu 1934, sitima ya pamtunda yochokera ku Istanbul ititimira m'chipale chofewa usiku, munthu wina abayidwa m'chipinda chake, ndipo wakuphayo ayenera kuti adakali m'sitimamo. Mu And Then There Were None, la mu 1939, anthu 10 osadziwana aitanidwa ku chilumba china, aliyense anenezedwa kuti adachititsapo imfa ya munthu, kenako ayamba kufa mmodzimmodzi popanda wofufuza wowathandiza. Lachitatu ndi The Murder of Roger Ackroyd, la mu 1926, lomwe mu 2013 mamembala a bungwe la alembi a nthano zaupandu ku Britain, Crime Writers' Association, adalisankha kukhala lopambana onse. Musayerekeze kufufuza za bukuli pa intaneti musadalimalize, chifukwa chiganizo chimodzi chokha chingakulandeni kukoma kwake konse.

Adachita bwanji?

Owerenga ena sasamala kwambiri dzina la wopalamula. Chimawakoka ndi chinthu chooneka chosatheka: chitseko chokhoma, zenera lotseka, bwalo lopanda phazi ngakhale limodzi, koma munthu wafa. Katswiri wa nthano zotere adali John Dickson Carr, ndipo buku lake la mu 1935, The Hollow Man, lomwe ku America limatchedwa The Three Coffins, lili ndi mutu wathunthu momwe wofufuza, Dr Gideon Fell, amafotokoza njira zosiyanasiyana zomwe munthu angaphedwere m'chipinda chokhoma.

Dziko lomwe lidalimbikira kwambiri luso limeneli ndi Japan. The Honjin Murders la Seishi Yokomizo, lomwe lidatuluka mu 1946 ndipo lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 2019, likusimba za mkwati ndi mkwatibwi omwe apezeka ataphedwa usiku wa ukwati wawo m'nyumba yotseka, lupanga lili lozika panja m'chipale chopanda mapazi. Seicho Matsumoto, m'buku la mu 1958 lodziwika m'Chingerezi ndi maina awiri, Points and Lines komanso Tokyo Express, adamanga mlandu wonse pa ndandanda wa nthawi za sitima. Mwamuna ndi mkazi apezeka atafa m'mphepete mwa nyanja, aliyense akuti adzipha chifukwa cha chikondi, koma apolisi awiri sakhutira, ndipo chinsinsi chagona pa mphindi 4 zokha pa siteshoni ya Tokyo.

Keigo Higashino adatembenuza zonse mu The Devotion of Suspect X, la mu 2005. Wakupha timamudziwa kumayambiriro: mayi wina wapha mwamuna wake wakale yemwe amamuzunza. Mnansi wake Ishigami, mphunzitsi wa masamu, adzipereka kumuthandiza kubisa mlanduwo. Wowerenga amaganiza kuti akudziwa zonse, komabe amadabwa limodzi ndi apolisi kuti umboni ukukana bwanji kugwirana. Ndi buku losavuta kuwerenga, loyenera kupatsa munthu amene amati nthano zofufuza milandu n'zofanana zonse.

Adachitiranji?

Georges Simenon, mlembi wa ku Belgium wolemba m'Chifalansa, adalemba nthano zazitali 75 za wapolisi Jules Maigret wa ku Paris pakati pa 1931 ndi 1972. Maigret sakwawa pansi kusaka tsitsi kapena phulusa. Amapita komwe mlandu wachitikira, n'kukhala pamalo omwera, kusuta kaliwo wake, kumvetsera ndi kudikira, mpaka atamvetsa moyo wa womwalirayo ndi wa omuzungulira. Kwa iye kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri wopalamula amakhala munthu wamba amene ngongole, manyazi kapena nsanje zamufikitsa pakhoma. Mabukuwa ndi aafupi ndipo sachita kuwerengedwa motsatana. The Yellow Dog, lochitikira m'tauni ya asodzi ya Concarneau, ndi poyambira pabwino.

Funso lomweli ndilo likuyendetsa mabuku awiri a amayi a mu Africa. Mu My Sister, the Serial Killer, la mu 2018, Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria akusimba za namwino Korede wa ku Lagos amene amaitanidwa kudzakolopa magazi mng'ono wake Ayoola akapha chibwenzi. Zinthu zifika povuta pomwe Ayoola ayamba kuyenda ndi dokotala amene Korede amamukonda chamumtima. Mitu yake ndi yaifupi, nthabwala zake n'zowawa, ndipo funso lenileni ndi lakuti ubale umafika pati.

The Book of Memory la Petina Gappah wa ku Zimbabwe, la mu 2015, ndi lolemera kuposa apo. Memory, mayi wachialubino, ali m'ndende ya Chikurubi ku Harare atagamulidwa kuti aphedwe pa mlandu wopha mzungu amene adamulera. Loya wake wamuuza kuti alembe zonse zomwe akukumbukira pokonzekera apilo. Pamene akulemba ndi pomwe zikuoneka kuti zomwe munthu amakumbukira za ubwana wake si umboni wodalirika nthawi zonse. Mulibe wapolisi wofufuza m'bukuli, ntchitoyo ili m'manja mwa wowerenga.

Akumutchinjiriza ndani?

M'mabuku a Christie, wakupha akagwidwa mtendere umabwerera m'mudzi. Alembi ena a ku America sadakhulupirire zimenezo. Dashiell Hammett, yemwe adagwirapo ntchito ku kampani yofufuza milandu ya Pinkerton, adalemba za mizinda momwe andale, apolisi ndi zigawenga amadyera mbale imodzi. Mu The Maltese Falcon, la mu 1930, Sam Spade wa ku San Francisco afufuza imfa ya mnzake wa pantchito n'kupezeka pakati pa anthu olimbirana chiboliboli cha mbalame yakuda, onse abodza. Raymond Chandler adapitiriza njirayi ndi Philip Marlowe wa ku Los Angeles, kuyambira ndi The Big Sleep mu 1939. Tsatanetsatane wa nkhani za Chandler nthawi zina amasokoneza, koma owerenga amabwererako chifukwa cha kalankhulidwe ka Marlowe, munthu wosauka wokana kugulidwa. M'mabuku amenewa kudziwa wopalamula ndi theka chabe la ntchito, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Alembi akuda a ku America adatenga njira yomweyi n'kuonetsa zomwe anzawo achizungu sadazione. Chester Himes, amene adayamba kulemba ali m'ndende ku Ohio, adapanga apolisi awiri akuda a ku Harlem, Coffin Ed Johnson ndi Grave Digger Jones. Cotton Comes to Harlem, la mu 1965, likukamba za mbusa wachinyengo wotolera ndalama za anthu osauka powalonjeza ulendo wobwerera ku Africa. Walter Mosley, mu Devil in a Blue Dress la mu 1990, akutibwezera ku Los Angeles wa mu 1948 komwe Easy Rawlins, msilikali wakale amene wachotsedwa ntchito ndipo akuopa kulandidwa nyumba chifukwa cha ngongole, avomera ganyu yosaka mkazi wina wachizungu m'malo omwera a anthu akuda.

Ku Sweden, Maj Sjöwall ndi Per Wahlöö adalemba mabuku 10 a wapolisi Martin Beck pakati pa 1965 ndi 1975. Loyamba, Roseanna, likuonetsa ntchito ya upolisi monga ilili: mtembo wa mayi wavuulidwa mumngalande, ndipo papita miyezi asadadziwe ngakhale dzina lake. Wowatsatira wotchuka ndi Henning Mankell, amene adakhala zaka zambiri ku Maputo akugwira ntchito ndi gulu la zisudzo ku Teatro Avenida. Mu Faceless Killers, la mu 1991, wapolisi Kurt Wallander afufuza za banja la alimi okalamba lomwe lachitidwa chiwembu. Mphekesera yakuti ochita chiwembucho ndi obwera itulukira m'manyuzipepala, ndipo anthu othawa kwawo ayamba kuchitidwa nkhanza kafukufuku asadathe.

Ofufuza a mu Africa

Nthano zofufuza milandu zidalembedwa kale m'chinenero cha Chibantu. Muhammed Said Abdulla wa ku Zanzibar adasindikiza Mzimu wa Watu wa Kale mu 1960 m'Chiswahili, ndipo wofufuza wake, Bwana Msa, amamasula milandu mwa kuganiza monga Holmes koma m'misewu ndi m'minda ya kwawo. Wodziwa Chiswahili asaliphonye.

Ku South Africa, James McClure adalemba The Steam Pig mu 1971, nthawi ya ulamuliro watsankho, ndipo lidalandira mphoto ya Gold Dagger. Apolisi ake ndi awiri, Tromp Kramer wa Chibunu ndi Mickey Zondi wa Chizulu, omwe amadalirana pantchito koma pagulu ayenera kuoneka ngati bwana ndi wantchito. Malamulo osankha anthu potengera khungu ndiwo ali pakati penipeni pa mlanduwo. Wa masiku ano ndi Deon Meyer, wolemba m'Chiafrikaans. Buku lake la Thirteen Hours likuchitika m'maola 13 okha mumzinda wa Cape Town, pomwe wapolisi Benny Griessel, amene akulimbana ndi uchidakwa, akusaka mtsikana wa ku America yemwe akuthamangitsidwa ndi anthu omwe apha mnzake. Wofuna buku losatulika pansi atenge limeneli.

Botswana ili ndi nkhope ziwiri m'mabukuwa. Yofatsa ndi ya Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo mu 1948, amene mu 1998 adatulutsa The No. 1 Ladies' Detective Agency. Precious Ramotswe agulitsa ng'ombe zomwe bambo ake adamusiyira n'kutsegula ofesi yofufuza milandu ku Gaborone. Milandu yake yambiri ndi ya tsiku ndi tsiku: mwamuna wosowa, wantchito wakuba, munthu wodzitcha bambo wa mwini nyumba pofuna kudya zaulere. Mulibe magazi ambiri ndipo Chingerezi chake n'chosavuta. Nkhope yowawa ndi ya Unity Dow, mayi woyamba kukhala jaji wa khothi lalikulu m'dzikolo. Mu The Screaming of the Innocent, la mu 2002, mtsikana wa zaka 12 asowa m'mudzi, apolisi n'kunena kuti wadyedwa ndi zilombo. Patapita zaka 5, mtsikana wina wogwira ntchito pachipatala chaching'ono apeza bokosi la zovala zamagazi, ndipo nkhani yopha ana pofuna zizimba idzukanso pamodzi ndi maina a akuluakulu. Mlandu suola, koma Dow salonjeza kuti chilungamo chimabwera mosavuta. Si buku la ana.

Kumadzulo kwa Africa, dokotala Kwei Quartey adalemba Wife of the Gods mu 2009. Wapolisi Darko Dawson achoka ku Accra kupita m'chigawo cha Volta ku Ghana kukafufuza imfa ya mtsikana wophunzira zaudokotala, ndipo akumana ndi mwambo wopereka ana aakazi kwa ansembe a makolo ngati dipo la zolakwa za banja. Lightseekers la Femi Kayode wa ku Nigeria, la mu 2021, likufunsa funso lomwe ndi lathunso. Ophunzira atatu a payunivesite amenyedwa ndi kutenthedwa ndi gulu la anthu m'tauni ina pafupi ndi Port Harcourt, ndipo zonse zajambulidwa pafoni. Opha akuoneka poyera. Chomwe Philip Taiwo, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, watumidwa kukapeza ndi amene adayamba kukuwa kuti akuba, ndi chomwe amafuna. Wowerenga akamaliza bukuli saonanso kanema wa mtundu umenewu pa WhatsApp monga kale.

Kummawa kuli Nairobi Heat la Mukoma wa Ngugi, la mu 2009, momwe wapolisi wakuda wa ku Wisconsin atsatira mlandu mpaka ku Kenya n'kupeza kuti ukukhudza ndalama zachifundo zotoleredwa m'dzina la anthu ophedwa ku Rwanda. Bambo ake a mlembiyu, Ngugi wa Thiong'o, nawonso adamanga Petals of Blood, la mu 1977, pa kafukufuku wa apolisi wokhudza imfa ya akuluakulu atatu a kampani yofulula mowa.

Zomwe ambiri kuno adakulira nazo

Owerenga a m'matauni mwathu omwe adali pasukulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira mabuku a James Hadley Chase oyenda dzanja ndi dzanja mpaka chikuto kuthothoka. Dzina lake lenileni adali René Raymond, Mngelezi amene nthano zake zambiri adaziika ku America, kuyambira ndi No Orchids for Miss Blandish mu 1939. Mabuku ake amatsata kwambiri zigawenga zokonza chiwembu kusiyana ndi wofufuza, choncho amene adawakonda adzapeza kwawo mwa Hammett, Himes ndi Meyer. Nthawi yomweyo kudali mabuku a Pacesetters a kampani ya Macmillan, omwe adayamba kutuluka mu 1977, olembedwa ndi alembi a mu Africa, ambiri mwa iwo okamba za ozembetsa katundu, akazitape ndi apolisi. Mlembi wa kuno kwathu, Aubrey Kalitera, adatulutsa A Taste of Business mu 1976 ndi A Prisoner's Letter mu 1979 ku Nairobi, ndipo pambuyo pake adayamba kudzisindikizira yekha mabuku ku Blantyre.

Kwa ana, Emil and the Detectives la Erich Kästner, la mu 1929, lidakali lokoma: mnyamata aberedwa ndalama m'sitima popita ku Berlin, ndipo gulu la ana a mumzindawo limuthandiza kulondola wakubayo. Palinso mabuku a Hardy Boys, omwe adayamba mu 1927, ndi a Nancy Drew, omwe adayamba mu 1930. Ndi aafupi ndipo amazoloweretsa mwana kumaliza buku.

Kuwapeza ndi kuwawerenga

Mabuku a Poe, Collins ndi Doyle, komanso buku loyamba la Christie, amapezeka mwaulere ndi movomerezeka pa tsamba la intaneti la Project Gutenberg, ndipo amawerengeka pafoni popanda kudya bandulo yambiri. Ena onsewo ndi bwino kuyamba mwafunsa ku nthambi za National Library Service, monga za ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, kapena kwa ogulitsa mabuku akale. Pogula buku lakale la mtunduwu, yambani mwaona ngati masamba omaliza alipo onse, koma osawawerenga.

Machenjezo alipo awiri. Loyamba, mabuku akale a ku Britain ndi America ali ndi tsankho la nthawi yawo pa anthu akuda, Ayuda ndi a ku Asia. Ngakhale And Then There Were None lidatuluka koyamba ndi mutu wonyoza anthu akuda, womwe udasinthidwa pambuyo pake. Lachiwiri, mabuku a masiku ano monga a Meyer, Dow ndi Kayode amafotokoza nkhanza mosabisa, kotero kholo liyambe laliwerenga lisadapatse mwana.

Amene akufuna mabuku atatu okha oyambira atenge The Adventures of Sherlock Holmes kuti adziwe maziko, And Then There Were None kuti alawe mpikisano weniweni, ndi limodzi la mu Africa malinga ndi mtima wake: la McCall Smith ngati akufuna kupuma, la Kayode ngati akufuna kugwedezeka.

Pali mwambo umodzi woyenera kuubwereka. M'mabuku oyambirira a Ellery Queen, kuyambira ndi The Roman Hat Mystery mu 1929, nkhani imaima kutatsala pang'ono kutha, ndipo wowerenga amauzidwa kuti umboni wonse waperekedwa, tsopano atchule yekha wopalamula. Mungachite chimodzimodzi ndi buku lililonse la mtunduwu. Mukatsala ndi mitu iwiri, tsekani bukulo, lembani papepala dzina la amene mukumukayikira ndi umboni womwe mukudalira. Kawirikawiri mudzapeza kuti dzina muli nalo koma umboni mulibe, mwangomuda munthuyo chifukwa cha nkhope kapena kalankhulidwe komwe mlembi adamupatsa dala. Mukamaliza, bwereketsani bukulo kwa mnzanu, ndipo pakamwa mutseke mpaka naye atafika tsamba lomaliza.